Khutu Langa la Kumanzere

Chizindikiro choyamba chinali kulira kwa m'khutu. Munali mu Juni, mwera ukuwomba, ndipo khutu langa la kumanzere linkalira ngati mwalowa udzudzu. Kutacha ndinapeza timagazi pamtsamiro. Ndinamanga duku lofika mpaka m'makutu n'kupita kuntchito, kuloji ina ya ku Kande kumene ndimakonza zipinda za alendo.

Chimene chinachitika ndinkachidziwa. Dzulo lake ndinaweruka mochedwa chifukwa alendo anachuluka, ndipo amuna anga, omwe ndi asodzi a usipa, anandimenya mbama ndili chiweramire pamoto. Sikanali koyamba. Koma kuno kunyanja khutu likapweteka, aliyense amakhala nalo kale yankho: mwalowa madzi. Ana amadwala choncho, asodzi amadwala choncho. Inenso ndinangotola yankho lomwelo, poti linali lokonzakonza.

Apongozi anga, amene anamva okha kulira kwanga tsiku lija, anafunditsa mafuta ophikira pasupuni n'kundidonthezera m'khutu. "Ama, madziwa atuluka okha," anatero. "Mukapita kuchipatala, za m'nyumba musakazitchule." Ine kwathu ndi ku Dedza. Kuno ndinalibe woti n'kumulirira.

Pachipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu ndinanena za madzi zomwezo, ndipo anandipatsa mankhwala oyenera munthu amene walowa madzi m'khutu. Ndinapitiriza kusamba m'nyanja ndi kuvuula chinangwa cha kondowole monga mwa masiku onse. Pofika mu Julaye khutu linayamba kutuluka mafinya onunkha. Pokonza zipinda ndinkazemba alendo chifukwa cha manyazi. Abwana akandiitanira chakumanzere sindinkatembenuka, mwakuti anayamba kundiyesa wamwano. Mu Ogasiti thupi linatentha, chizungulire chinandigwira, ndinagwa m'njira nditasenza beseni la chinangwa. Mnzanga wa kuntchito, Nyaphiri, ndi amene anandikweza minibasi kupita kuchipatala chachikulu.

Kudikira kwa kumeneko kumatopetsa kuposa matenda. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa, kusuntha pang'onopang'ono, mabuku a kuchipatala ali m'manja. Pafupi nane panali mayi wina wotupa diso, ankauza aliyense kuti anaterereka pamwala pochapa. Ndinamuyang'ana, iyenso anayang'ana duku langa. Palibe anafunsa mnzake.

Adokotala anaunika m'khutu ndi katochi, kenaka anati, "Mayi, m'katimu mwabooka. Madzi saboola khutu, amangolowa pamene pabooka kale. Mukanandipeza msanga ndikanakuuzani kuti musadonthezeremo kanthu ndipo musayandikire nyanja, bala likanatseka lokha. Anakumenyani ndani?"

Ndinalira. Osati chifukwa cha ululu ayi, koma kutopa. Miyezi yonseyi ndinkathira madzi ndi mafuta pabala, pofuna kusunga ulemu wa munthu amene anandiboola khutu.

Anandigoneka m'wodi ya amayi. M'mawa uliwonse anamwino ankapukuta mafinya ndi thonje, kundibaya jakisoni, n'kundiyeza kutentha kwa thupi. Nyaphiri ankabwera ndi phala akaweruka. Amuna anga sanabwere, ati usipa unali utagwa wambiri, anatanganidwa kunyanja. Mafinya atayamba kuuma, namwino wina wachikulire ananditengera kuchipinda kumene amathandiza anthu ochitidwa nkhanza. Sanandikalipire. Anangoti, "Nenani zonse, ife tilemba, chochita musankha nokha." Ndinanena zonse, ndi za zaka za m'mbuyo zomwe. Nkhani inafika kupolisi. Nditatuluka sindinabwerere kunyumba kuja. Ndinapeza kachipinda ka lendi ku Chintheche, ine ndi mwana wanga.

Panopa mafinya anatha, chizungulire chinasiya, ntchito ndikugwira. Posamba ndimatseka khutu ndi thonje lopaka mafuta odzola, ndipo m'nyanja ndimalekeza m'mawondo. Koma khutu la kumanzere silinabwerere. Adokotala anati lizimva pang'ono chabe mpaka kalekale. Mwana wanga anazolowera, akafuna kundinong'oneza kanthu amayamba wandizungulira.

Amayi anzanga a m'mbali mwa nyanja, mukamenyedwa pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukanene chimene chakupwetekani. Dokotala amachiza matenda amene mwamuuza. Inunso apongozi ndi anansi, mukamva kulira kuseri kwa mpanda, musathamangire supuni ya mafuta. Perekezani munthuyo.

Mwezi wathawu amuna anga anabwera ndi ankhoswe kudzapepesa. Tinakhala pamkeka pakhonde, amuna angawo anakhala kumanzere kwanga, nkhope ili pansi, akulankhula motsitsa mawu. Milomo ndinkaiona ikugwedezeka nthawi yaitali. Atamaliza, ankhoswe anandifunsa kuti, "Nanga mayi, mwamva mmene apepesera bambowa?"

Ndinawauza zoona. Sindinamve.