Kope Limene Amayi Anawamba

Chaka chimene ndinali mu Sitandade Sikisi, m'zaka za m'ma 1950 muja, ndinali mtsikana wamakani komanso wapakamwa. Sindikukana. Pasukulu pathu atsikana tinayamba ambiri, koma pofika kalasi imeneyi ndinatsala ndekha pakati pa anyamata. Anzanga onse anali pabanja, ena mwana ali kale kumsana. Nanenso munthu anali atabwera kudzafunsira mbeta, msodzi wa ku Kachulu wa mabwato awiri. Sanali woipa mtima ayi, koma ine sindinkamufuna. Abambo anamuuza kuti adikire mayeso, ndipo ine anandiuza mosapita m'mbali: "Ukakhoza upita kusukulu yogonera konko. Ukalephera palibe zobwereza, ulowa m'banja."

Masamu sindinkawaopa. Chimene chinkagwetsa anthu chinali pepala la Chingerezi, chifukwa ankaikamo mawu aatali amene sitinkawapeza m'mabuku athu owerenga. Akupatsa liwu, iwe unene tanthauzo lake, kenako ulipangire chiganizo. Anyamata anzeru kundiposa ankabwerako kumayeso ali ndwii, n'kukagwira makoka kunyanja.

Amalume anga, achimwene awo a amayi, anali kalaliki ku Zomba. Pa Khirisimasi anabwera ndi buku lobwereka kwa mnzawo, lodzaza ndi mawu ovuta omwewo, osanjidwa kuyambira pa A. Anakhala masiku atatu okha. Masiku atatu onsewo ndinakhala pamphasa ndi kope latsopano, peni ya nibu ndi kabotolo ka inki, iwo akusankha mawu amene ankati sakhala osabwera pamayeso, n'kumandiuza tanthauzo lake m'Chinyanja. Tinalemba mawu zana limodzi ndi makumi asanu. Buku linabwerera kwa mwini wake, ndipo chaka chitangolowa amalumewo anawasamutsira kumpoto.

Kope ndinali nalo, koma nthawi yoliwerenga ndiye inalibe. Mwana wamkazi akaweruka kusukulu madzi akumudikira, nkhuni zikumudikira, mbalame kumunda wa mpunga nazo zikumudikira. Malo okhawo amene maso anga ankapuma anali pamtondo, pakuti kusinja n'kwa manja, maso alibe nako ntchito. Ndiye ndinkavundikira dengu pambali pa mtondo, n'kutsegula kope pamwamba pake, n'kulipsinja ndi kamwala. Tinkasinja awiri ndi amayi, mtondo umodzi minsi iwiri. Munsi wanga ukatsika ndinkatchula liwu la Chingerezi, wa amayi ukatsika ndinkanena tanthauzo lake. Tsiku lililonse ndinkayambira pamwamba penipeni mpaka pamene mpunga kapena chimanga chathera.

Amayi anadza kuno ali kamwana, makolo awo atawoloka nawo kuchokera kutsidya kwa Apwitikizi. M'kalasi sanapondemo. Ankalankhula Chinyanja, koma akapsa mtima ankabwerera ku Chilomwe, ndipo pamenepo tonse tinkadziwa kuti zavuta. Anali munthu wa mawu ochepa. Azimayi ena pamtondo ankaimba nyimbo zonyogodola amuna awo, koma amayi anga ankangosinja, milomo ili yotseka, thukuta likutsikira pachibwano. Ine ndikubwebweta Chingerezi changa, iwo osandiyang'ana n'komwe. Ndinkaona ngati ndikuwasokosera.

Oyandikana nawo nyumba sankatisiya. Mayi wina podutsa ndi ndowa pamutu ankaima pampanda n'kunena kuti, "Anzathu inu, mtondo wanu walowa sukulu. Mpunga umenewu tidzadyera foloko?"

Amayi ankangoyankha kuti, "Mubwere nayo folokoyo," n'kupitiriza kusinja.

Miyezi inapita choncho mpaka nthawi yodula mpunga. Kunatsala milungu itatu kuti tilembe mayeso, ndipo ine mantha anali atandigwira moti kope sindinkalisiya, ngakhale kumunda ndinkapita nalo nditalimangirira m'chiuno mkati mwa nsalu. Amayi anandiletsa kawiri konse, ine osamva. Madzulo ena tikubwerako, mtolo wa mpunga uli pamutu, ndinaterereka pamtengo wowolokera ngalande n'kugweramo mpaka m'khosi. Mpunga tinauvuula. Kope nditalimasula linali likudontha, masamba atamatana, inki itayamba kuyenderera.

Kunja kunali chiperoni. Amene anakhalako kuno akuchidziwa: kamvula kosalekeza, mphepo yozizira, dzuwa osaoneka masiku anayi kapena asanu. Panalibe poyanika. Ndinaliika kopelo pa lichero m'nyumba, ndipo m'mawa mwake ndinapita kusukulu mtima uli m'mwamba, nditawauza amayi kuti pasapezeke wolikhudza.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali kachisakasa ka thandala pamene tinkawambira nsomba. Abambo akabwera ndi milamba nthawi yopanda dzuwa, amayi ankaing'amba pakati, n'kuitambasula pathandalapo, pansi atasonkha moto wa utsi wokhawokha, n'kumaitembenuza mpaka iume. Ntchito imeneyi ankaidziwa kuposa aliyense m'mudzimo. Nsomba yowamba amayi anga inkatha miyezi osagwa mphutsi.

Nditabwerako kusukulu, pa lichero panalibe kanthu. Ndinazungulira kuseri. Kope langa linali pathandala, pakati pa milamba, atalitambasula pakati ndendende ngati nsomba inzake. Amayi anali atakhala chogwada pambali pake, maso ali ofiira ndi utsi, akulitembenuza mosamala ndi manja awiri. Ndinamva pambuyo pake kuti tsiku limenelo kumunda sanapite, anakhala pamenepo kuyambira m'mawa kuti moto usalilawe.

Kuuma linaumadi. Koma masamba anali atasanduka ofiirira ngati fodya, mafuta a milamba atalowerera paliponse, ndipo amene anamatana aja anaumira limodzi. Nditayesa kuwalekanitsa anayamba kufumbutuka m'manja. Inki imene madzi anaisiya, utsi unaimaliza. Apa ndi apo pankaoneka chilembo chimodzi, basi.

Zimene ndinalankhula pamenepo ndimachita nazo manyazi mpaka lero, ndine gogo tsopano. Ndinati, "Kodi mumaliyesa mlamba? Ndinanena kuti musalikhudze. Ndiko kuipa kwake kokhala ndi anthu osapita kusukulu. Mwandikwatitsa ndinu, kondwerani."

Ndinkadikira Chilomwe, koma sichinabwere. Amayi anapukuta manja pansalu yawo n'kunena motsitsa mawu, m'Chinyanja: "Linayamba kununkha chinyezi, mwanawe. Likanagona tsiku lina likanachita nkhungu. Ndimati ndilipulumutse."

Ndinawafulatira n'kukalowa m'nyumba.

Kusukulu aphunzitsi anandimvera chisoni, koma chochita analibe. Dikishonale anali nayo, yaikulu ngati njerwa, koma dikishonale siikuuza kuti mwa mawu onsewo amalume ako anasankha ati. Ndinayesa kulemba amene ndinkawakumbukira. Mawu amene ndinawatchula tsiku ndi tsiku kwa miyezi isanu anathawa onse, ndinangotolapo makumi atatu, enanso osatsimikiza. Ndinali nditazolowera kuti diso liziona kaye, pakamwa pazitsatira. Popanda kope mutu unangoti mbee. Ndinayamba kumuganizira msodzi uja ndi mabwato ake awiri, ndipo usiku ndinkalira mobisa.

Masiku awiri sindinawalankhule amayi. Madzi ndinkatunga, mbale ndinkatsuka, koma pakamwa nditatseka. Tsiku lachitatu anathira mpunga mumtondo, natenga munsi wawo, wanga n'kuutsamiritsa pamtondopo. Ndinautenga monyinyirika. Tinayamba kusinja, dengu lija lili poteropo lopanda kanthu pamwamba. Kunkamveka minsi yokha.

Kenako munsi wa amayi utatsika ndinamva: "Abandoni."

Ndinayesa kuti makutu akundinamiza. Munsi wanga unatsika wopanda mawu. Wawo unatsikanso.

"Abandoni," anabwereza, maso ali mumtondo.

"Kusiya chinthu osadzachibwereranso," pakamwa panga panayankha pokha.

"Abandanti."

"Zochuluka, zosefukira."

"Akyumuleti."

"Kuunjika pang'onopang'ono."

Anapitiriza. Ankawatchula mwaokha, mokoka ngati nyimbo ya kutchalitchi, mzungu akanamva sakanadziwa kuti n'chilankhulo chake. Koma anali mawu anga aja, m'ndondomeko yake yeniyeni, osadumpha. Ngakhale pamene ine ndinkakonda kupumira kuti tibweze mpunga wotayikira pansi, iwonso ankapumira pomwepo. Miyezi isanu yonse ija, milomo ili yotseka, mayi ameneyu ankameza liwu lililonse. Ndipo iwo akangotchula, tanthauzo linkabwera lokha pamodzi ndi munsi wanga.

Titafika chapakati ndinaponya munsi pansi, ndinathamangira m'nyumba kukatenga pensulo ndi pepala. Misozi inkandilepheretsa kuona. Amayi anandiyang'ana koyamba tsikulo n'kunena kuti, "Ulemba bwanji mpunga usanayere? Tamaliza kaye. Mawuwa sathawa, ali muno."

Kuyambira tsiku limenelo ntchito inasinthana. Iwo ankaitana, ine ndinkayankha. Tikamaliza kusinja ankakhala pamphasa akupeta, n'kumatchulanso pang'onopang'ono ine ndikulemba mmene ndamvera. M'mawa ndinkapita nazo kwa aphunzitsi, ndipo tinkasaka liwu lililonse mudikishonale muja kuti tipeze kalembedwe kake. Aphunzitsiwo ankaseka mpaka kugwira m'mimba pomva katchulidwe ka amayi, koma tsiku lina anabwera okha kunyumba, anavula chipewa, nakhala pansi kumvetsera. Mawu a kumapeto, amene sitinkawafika kawirikawiri chifukwa mpunga unkatha msanga, amayi sanawagwire bwino. Pafupifupi makumi awiri anapita ndi utsi. Ena onse anabwerera.

Mpunga wa pakhomo unatha kusinjidwa mlungu umodzi wokha. Amayi anayamba kuyenda m'makomo kupempha kuti tiwasinjire anthu chimanga chawo, kuti mtondo usagone. Mayi wa foloko uja ndiye anayamba kubweretsa chake, ndipo ankakhala pakhonde kudikira, akugwedeza mutu motsatira minsi.

Kumayeso anandiperekeza abambo, tinanyamuka kusanache. Anatigawira pepala la Chingerezi. Ndinaona liwu loyamba, mutu unati mbee ngati tsiku lija. Ndiye ndinayamba kugunda chidendene pansi pa desiki, kamodzi, kawiri, monga minsi imachitira. Ndinamva mawu a amayi akulitchula mokoka muja, ndipo dzanja linayamba kulemba. Woyang'anira mayeso anandiyang'ana kangapo chifukwa cha phazi langalo, koma sanandiletse.

Ndinakhoza. Msodzi uja anakwatira msuweni wanga, ndipo anakhala bwino ndithu. Ine anandikonzera kabokosi ka malata, bulangete limodzi ndi matemba a m'thumba, n'kundikweza lole ya nsomba yopita ku Zomba. Tsiku limenelo amayi sanalire. Anandikonza kolala ya diresi, nati ndizisamba m'mawa ngakhale kuzizire. Ndinkafuna kupepesa chifukwa cha mawu aja a kuthandala, pakuti ndinali ndisanapepesebe. Makani anga anandiletsa, lole inanyamuka ndisananene.

Ndinakhala kusukuluko miyezi itatu. Ndinaphunzira mawu ena ambiri, aatali kuposa aja, ndipo anandikonza katchulidwe mpaka ndinayamba kuchita manyazi ndi mmene tinkatchulira kwathu. Tchuthi chitafika sindinatumize uthenga. Ndinatsika lole pamsewu, bokosi pamutu, n'kudzera njira ya kumadimba. Dzuwa linali litapendeka.

Ndisanafike pampanda ndinamva mtondo. Unali munsi umodzi, koma kagundidwe kake kanali kachilendo. Munthu akamasinja yekha amafulumira. Uwu unkatsika kamodzi, n'kudikira, ngati pali wina woti atsitse wake. Ndinaima kuseri kwa mpanda wa bango n'kusuzumira. Amayi anali okha, atandifulatira.

"Abandoni," anatero, munsi n'kutsika.

Anadikira. Pabwalo panali zii, nkhuku zokha zikutola mankhusu.

"Abandanti."

Anadikiranso, mpata wokwanira munsi wanga ndi yankho langa. Ndinatula bokosi pansi mwakachetechete. Munsi wanga unali chitsamire pakhoma, pamene ndinausiya. Ndinalowa, ndinautenga, n'kukaima mbali yanga ya mtondo. Amayi anakweza maso kamodzi kokha. Munsi sanausiye.

"Akyumuleti," anatero.

Ndinatsitsa munsi wanga n'kunena kuti, "Pepani amayi. Mawu aja ndinakunenani kuthandala, pepani."

Munsi wawo unaima m'mwamba pang'ono. Anapukuta m'maso ndi phewa, pakuti manja onse anali ndi ntchito.

"Si yankho lake limenelo," anatero. "Kusukulu kwanuko akukuphunzitsani chiyani? Akyumuleti."

"Kuunjika pang'onopang'ono," ndinayankha, ndipo tinasinja mpaka mpunga unayera.