Nyumba inachepa, manambala osachepa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pamaliro ku Chilomoni. Ndikunyamula mabenchi, amalume anandikokera kwa bambo Likoswe, ojambula mapulani a nyumba, n'kuwauza kuti ndimadziwa kompyuta. Kudziwa kwake kunali kuyatsa ndi kuzimitsa basi. Komabe Lolemba ndinapezeka m'kaofesi kawo ku Ndirande, kuseri kwa sitolo ya simenti.

Chomwe chinandizunguza mutu n'chakuti m'kompyuta nyumba timaijambula kukula kwake kwenikweni. Khoma la mamita khumi limakhaladi mamita khumi, koma lonse likukwana pagalasi loti mungaliphimbe ndi mpango. Sikelo, yomwe imanena kuti nyumba ichepetsedwe kangati, imabwera pambuyo, poika nyumbayo papepala. Mutu umapwetekera pa manambala a miyeso. Ena amawapatsa msinkhu umodzi, n'kumawakulitsa pamanja pepala likasintha. Bwana ankawamangirira ku sikelo, ntchito yochedwetsa poyamba, ndipo ine ndinkati n'kukonda mavuto kwa akuluakulu.

Tsiku lina kunabwera mayi Nachuma, omwe poloti yawo ku Machinjiri inathinana ndi ya munthu wokonda milandu. Amisiri anali kale pamalo, akudikira pulani kuti akumbe maziko. Mwatsoka makina osindikiza mapepala akuluakulu anali atafa, bwana atapita kukasaka wokonza. Ndinafinya pulani yonse kuti ikwane papepala laling'ono, mayiwo n'kuijambula pafoni kutumizira mmisiri wawo. Manambala anasanduka nyerere. Mmisiri anaimba kuti sakuona ngati kuchokera pamalire kufika pakhoma ndi mamilimita 1800 kapena 1300, ndiye angosankha yekha chifukwa kumwamba kwada.

"Achimwene, chonde," anatero mayiwo. "Munthu uja akangoona khoma lasendera, andigwetsera nyumba."

Ndinayamba kukulitsa manambala imodziimodzi, ndipo anali ochuluka koopsa. Bwana atalowa anangoyang'ana kamodzi.

"Usafinye pepala, mphwanga. Sintha sikelo ya zenera."

Zenera n'kabokosi komwe nyumba imaonekera papepala. Ndinachotsa 1:50 n'kuika 1:100. Nyumba inafota n'kukwana, koma manambala onse anangoima njo, msinkhu wawo womwe uja, ina iliyonse pakhoma pake. Kunena zoona ndinachita mantha pang'ono, ngati pali wina m'kompyutamo amene wamva. Ndinabweza sikelo n'kusinthanso, kungofuna kuonanso.

"Iwe, mayi akudikira!" anakuwa bwana.

Chithunzi chachiwiri chitapita, mmisiri anayankha mwachidule kuti 1800, waiona.

Kuyambira pamenepo sindiyamba pulani ndisanamange manambala ku sikelo, ndipo msinkhu wake ndimausankhira munthu amene waima padzuwa, chingwe kudzanja lina, foni yosweka galasi kwinaku. Nyumba ya mayi Nachuma ilipo mpaka lero. Pakati pa khoma lawo ndi mpanda wa munthu uja anadzalapo mpiru.