Khosi la gitala ya akwaya

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene amalume anga a Laisoni anandimenya chifukwa cha gitala, ndipo mpaka lero mtima wanga sunawakhululukire. Ndinkakhala kwawo ku Mbombwe kuti ndiyandikire sukulu. Iwo ankapalasa kabaza mkati mwa sabata, Lamulungu n'kumaimba gitala yamagetsi kutchalitchi. Gitalayo inali ya akwaya, koma ankasunga ndi iwo, ndipo inkagona pabedi ife ana tikugona pamphasa.

Tsiku lina masana inayamba kulira ngati ntchentche yotsekeredwa m'botolo. Nsambo zing'onozing'ono zinkakhudza timizere tachitsulo ta pakhosi, pomwe zikuluzikulu zinatalikira moti chala chinkawawa pokanikiza. Wosesa m'chipindamo ndinali ine, basi mlandu unapeza mwini.

"Iwe Esinati, wagwetsa gitala!"

"Sindinaikhudze, amalume."

"Ukunditsutsa ine? Loweruka ukubwerera kwa amako ku Kadewere. Sukulu yakoyo ukaphunzire kudimba."

Anandikwapula ndi chubu chakale cha njinga. Mikwingwirima sinandiwawe ngati mawu a sukuluwo, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikangopita, kope sindidzaligwiranso.

Lachisanu anandikokera kwa Che Amidu, kalipentala wapamsika, kuti akaone ndi maso awo kuwononga kwanga. Che Amidu anali Msilamu, nyimbo za kwaya sankazidziwa, koma mtengo ankaudziwa. Anakweza gitala ija, kutsinzina diso limodzi, n'kuyang'ana khosi lonse kuchokera kumutu, monga ankachitira ndi thabwa akalipala. Kenako anakanikiza nsambo yaikulu pakamzere koyamba ndi komaliza, nandiuza kuti ndisuzumire pakati. Panali mpata woti kamtengo ka machesi n'kulowa. Atachita chimodzimodzi ndi nsambo yaing'ono, inangogonera pachitsulo, popanda mpata n'komwe.

"Khosili lapotoka, achimwene," anatero Che Amidu. "Mbali iyi yapindika, inayi yawongoka. Ikanagwa ikanakhala ndi bala. Nanga nsambo zikuluzikulu ziwirizi munagula kuti?"

Amalume anayang'ana kumbali. "Ndi waya wa mabuleki ameneyo. Zenizenizo zinaduka nthawi ya dzinja."

"Ndiye wayayu wakhala akukoka mbali imodzi miyezi yonseyi. Ngakhale mumange chitsulo cha m'kati mwa khosimu, mukonza kuno, uko n'kuipiratu. Mwanayu musiyeni, alibe mlandu."

Pobwerera amalume anatsogola, gitala ili kumsana, ine m'mbuyo ndikudikira liwu limodzi lokha. Titafika pakhomo anangoti, "Katunge madzi." Nkhani ya ku Kadewere inazilala yokha, sukulu ndinamaliza. Koma pepani sanatulukepo m'kamwa mwawo, ngakhale zaka zambiri pambuyo pake pamene ndinkawatengera phala kuchipatala cha ku Mauwa atadwala. Paja amati wamkulu salakwa. Mawu amenewa ndimadana nawo.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti amalume anangophonya, mkwiyo unawatseka m'maso. Nditakula ndinazindikira china chowawa koposa. Munthu woduliratu waya panjinga yake, n'kuumanga pagitala ndi manja ake, kumaukunga Lamulungu lililonse, sangaiwale. Pansi pamtima ankadziwa. Kungoti kuchotsa mwana wa mlongo wawo pasukulu kunali kwapafupi kwa iwo kusiyana ndi kuimirira pamaso pa akwaya n'kunena kuti, "Ndawononga ndine."