Nthochi imene ndinadzala chogoneka

Anzanga, izi si zakumva kuchitsime ayi, zinandichitikira ine mwiniwake kuno kwa Mavwere, ndipo Mulungu amene ndimamugwadira akudziwa kuti sindikukometsera. Maina sinditchula, poti ana a anthu enawo ndimapemphera nawo limodzi.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, nkhondo yapachiweniweni itavuta kutsidya ku Mozambiki. Mwana wanga woyamba, mnyamata woti tinali titayamba kumuyang'anira mbeta, anawoloka malire ndi mnzake wa pamudzi pano kukatenga ng'ombe kwa amalume ake, paja ife malire tinkawadziwa ngati, abale ali uku ndi uku? Sanabwerere. Tinangomva kuti zigawenga zagwira anyamata ambiri kuti azizisenzera katundu. Bambo ake anali atatisiya kale, ndiye kudikirako ndinadikira ndekha.

Patapita zaka, tsiku lina masana ndikukumba mtedza, mnzake uja anangotulukira m'munda, ataonda, dzanja limodzi lili lendelende. Anakhala pamzere osapereka moni, n'kundiuza kuti wabwera yekha.

Akuti zigawenga zija zinawagwira n'kuwayendetsa m'tchire mpaka kunyanja yaikulu ya mchere, kumene kunali doko la sitima lotchingidwa ndi khoma, pamwamba pake pali mizinga ya asilikali a boma. Akuluakulu a zigawengazo anaona kuti pamtunda sangalowe, ndiye analanda mabwato a asodzi, eni ake n'kuwathamangitsa, nakwezamo ana athu, aliyense atamugwiritsa mfuti. Koma nonse mukudziwa madzi athu, Bua akadzala wadzala, kuphwa kwake mpaka chilimwe. Ndani mwa iwo ankadziwa kuti nyanja imeneyo imathawa n'kubweranso tsiku lomwelo? Dzuwa likutuluka madzi anachoka, mabwato onse n'kukhala pamatope poyera, ngati nkhuku pabwalo, khoma lili apo. Mizinga inayamba.

Mnzakeyo anakwawa mpaka m'mitengo ya m'mphepete, chipolopolo chitamulasa dzanja. Wanga sanalasidwe ayi. Analumpha m'bwato, matope n'kumugwira mpaka m'chiuno, ndipo akati adzizule ankangomira. Mfuti zitaleka, madzi anayamba kubwerera pang'onopang'ono. Akuti ankaitana ine, amayi, amayi, mpaka mawu anasiya kumveka.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndilire maliro, koma mnyamatayo anandigwira mapazi, akuti amayi, mukalira mwandipha. Ankanena zoona. Masiku amenewo munthu womveka kuti wagwirapo mfuti ya zigawenga ankangosowa, nthawi zina ndi abale ake omwe. Ndikanalira, anthu akanafunsa kuti wafera kuti, wakuuzani ndani, nanga ndikanayankha chiyani? Ine ndinali ndi ana ena pakhomo, iyenso anali ndi mayi wake. Ndinaluma chitenje.

Koma mwana wosaikidwa samakugoneka tulo. Makolo athu, mtembo ukasowa, ankaika thunthu la nthochi m'manda kuti mzimu upeze pogona. Kumpingo ena amati n'zachikunja, sinditsutsa, koma mayi ndi mayi. Kumanda sindikanatha kupita popanda mudzi kudziwa, ndiye ndinapita kudimba kwanga dzuwa lili pamutu, nthawi yoti anthu aweruka, ndinadula thunthu, n'kuliveka malaya a mwana wanga a kutchalitchi, ndikuyamba kukumba.

Ndili chiweramire choncho ndinaona mthunzi wa munthu m'dzenjemo. Kudzutsa mutu, ndi atcheyamani a chipani a dera lathu, omwe aja oimitsa anthu pamsewu kufuna makadi, munthu woti akakhosomola pamsika ngakhale mbuzi zinkakhala chete. Anayang'ana dzenje, anayang'ana thunthu, kenako anandifunsa moseka kuti kodi mayi, nthochi za kwanu kuno zinayamba liti kuvala malaya? Ine mutu unali utaima. Ndinangomva pakamwa panga pakuyankha pokha kuti yakhalitsa m'madzi bambo, ikumva kuzizira.

Kuseka kuja kunatha. Anaima nthawi yaitali, ine ndikuwerenga mumtima ana anga otsala, kuti adzawalera ndani ndikakwezedwa galimoto ya kuboma. Kenako anavula jekete n'kulipachika pamtengo wa gwafa, anandilanda khasu, akuti dzenje ili lachepa, nkhumba zifukula. Anakumba bambo aja mpaka thukuta kunyowetsa malaya, osandiyang'ana, ndipo atamaliza anandifunsa motsitsa mawu kuti mutu uloze kuti. Tinanyamula awiri, iwo kumutu ine kumiyendo. Anavula chipewa, akuti pempherani mayi, ine ndikuyang'anirani njira. Ndinapemphera, ndinaliranso, koma cha mumtima. Pochoka anangoti mbewu ya nthochi imeneyi si yogawira anansi, isungeni nokha.

Sanandifunse dzina la mwana, sanafunse wandiuza ndani, ndipo mawa lake pamsika anandiimitsa kufuna khadi mwaukali ngati sanandionepo. Patapita zaka anamwalira osaulula, ndipo pa maliro awo ndinatunga madzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anthu n'kumadabwa kuti chibale chake n'chotani.

Lero ndimakhulupirira kuti Mulungu sasowa munthu womutuma, amatha kutenga ngakhale amene mukumuopa. Ndimathokoza kuti mwana wanga anapeza womukumbira manda. Koma amayi anzanga, ndikamva achinyamata akuyankhula za nkhondo ngati za mpira, thupi langa limazizira. Auzeni ana anu kuti oyambitsa nkhondo sakwera nawo bwato, amaima pamtunda pouma. Ndipo mukapeza mayi akuchita zosamveka ali yekha kudimba, musathamangire kukauza anthu, yambani mwamufunsa ngati akufuna womugwirira khasu.