Munga wa Nsomba Umene Kunalibe

Amene anatsala pang'ono kundiphera amayi anga ndi ba anti, mlongo wawo wa malemu atate, ndipo sanagwire mpeni ayi, anangowaletsa kumwa madzi. Sindikupeka, aneba athu kuno ku Kafue akuidziwa nkhaniyi, ine ndatopa nayo kuifotokoza pakamwa.

Amayi ankaoda nsomba ku Chanyanya n'kumagulitsa m'tauni muno. Atawapeza ndi khansa ya bere anawachita opaleshoni, kenako tinayamba kukwera basi kupita ku Lusaka kukawaotcha pachifuwa ndi makina aja a rediyesheni. Ine sukulu ndinasiyira panjira, ndiye zachipatala ndinkangomvera. Poyamba zinkayenda, koma patapita masabata amayi anayamba kudandaula kuti akameza, chakudya chikuima pachifuwa ngati khala lamoto. Nshima anaisiya, chakumwa cha munkoyo anachisiya, mpaka malovu enieniwa ankalavulira m'kachitini poopa kumeza.

Ba anti atabwera kuchokera ku Shimabala anangowayang'ana kamodzi, basi n'kunena kuti umenewo ndi munga wa nsomba wotumizidwa ndi anzawo akumsika, makina sangauone. Anati poti chakudya chikukana, ndiye kuti Mulungu akufuna asale, osadya osamwa, ndipo ku Lusaka asapondekonso. Ndinakalipa mpaka aneba kutuluka, koma amayi anandiletsa kuti ndisachite mwano kwa alamu awo. Nanga munthu wofooka angatsutse bwanji munthu wonyamula Baibulo? Ndiye ba anti anakhala pathu pompo kuti azipemphera, eni akewo akudya bwinobwino kukhitchini.

Tsiku lina masana ndikuchokera kuganyu ndinawapeza amayi atagwa pakhomo la bafa, milomo itang'ambika, maso atalowa. Ndinawaitana, kuli zii. Nditawanyamula, chimene chimandiopsa mpaka lero ndi mmene anapepukira, mayi amene ankasenza dengu lodzaza nsomba ine ndili kumbuyo!

Kuchipatala anawaika madiripi. Dokotala anati munga kulibe, koma moto wa makina uja podutsa pachifuwa unawaula njira ya chakudya n'kutupa, zimachitikira ena ndipo zimapola. Anati tikananena msanga akanawapatsa mankhwala oti azimwa asanadye. Tinayamba kaphala kamadzimadzi kosatentha, supuni imodzi imodzi, ine ndikuwadyetsa ngati khanda, mpaka anabwerera ku makina n'kumaliza.

Kupemphera sindinasiye, koma ndimakhulupirira kuti Mulungu safuna wodwala afe ndi ludzu. Wodwala wanu akamalephera kumeza, kauzeni amene akumuotchawo, musamusalitse.

Amayi atayambanso kudya, ba anti, amene anali atabwerera kwawo, anatulukira akumwetulira, akuti kusala kuja ndiko kunazula munga, ndiye amayi apite kutchalitchi kwa ba antiwo akapereke umboni. Sindinakuwe tsiku limenelo, mphamvu zokuwira zinali zitandithera. Ndinangoima pakhomo n'kuwauza kuti: "Ba anti, umboni ndikapereka ndine, poti wowanyamula ndinali ine. Ndipo ndikanenanso kuti masiku onse aja inu munkadya."