Kogona ku Beira

Chimene ndimakumbukira kwambiri pa masabata amenewo ndi kulira kwa mabuleki a mathiraki: tsiii, kenako phuu, ngati ng'ombe yotopa ikupuma. Nyumba yomwe tinkachita lendi pa boma la Mwanza inali m'mbali mwa msewu wopita kumalire, ndipo phokosolo linkatidula mawu ine ndi mkazi wanga tikamakambirana za komwe tikagone ku Beira.

Ulendowo anauganiza ndi iyeyo. Ndi mphunzitsi, kwawo ndi ku Zomba, ndipo ankati zimamuchititsa manyazi kuphunzitsa ana a eni za nyanja yamchere pomwe iye mwini ndi ana ake sanaionepo. Mwana wathu wamkazi anali ndi zaka zisanu, wamwamuna zitatu. Mapasipoti tinali titatenga. Basi yokwera kuchokera ku Tete tinali titaidziwa. Chinatsala ndi malo ogona okha, ndipo amene ndinkachedwetsa zinthu ndinali ine.

Tikamaliza kudya, mkazi wanga ankatsegula foni n'kumandionetsa zithunzi. Malo awa ali ndi maneti a udzudzu, awa ali ndi mpanda, awa ali ndi kakhitchini koti n'kuphikiramo phala la mwana. Ine maso anga ankangothamangira pabedi. Kulikonse bedi linali lomwelo: shiti yoyera yokungidwa bwino, thaulo lopinda pamwamba pake.

"Awa ayandikira madzi kwambiri," ndinkatero.

"Nanga awa?"

"Atalikira. Ana akatopa n'kuyenda."

"Bambo a ana, ndiye nyanjayo ikhale pati? Tiiuze isunthe?"

Ndinkaseka naye, koma vuto langa silinali madzi.

Mayi anga ankagwira ntchito pa resitihausi ina kumalire. Bambo sindinawadziwe. Ine ndinkakhala ndi agogo ku Thambani, ndipo mayi ankabwera mwa apo ndi apo atanyamula timasopo ting'onoting'ono totsala kwa alendo. Anamwalira ndisanadziwe kulemba dzina langa, ataonda kwambiri. Agogo ankati mwana wawo ankachapa mashiti. Azimayi pamjigo ankanena zina, ndipo ankatsitsa mawu akandiona ndikubwera ndi chigubu. Ndinakula ndili wosalankhulalankhula, womangomvetsera, koma mpaka lero sindidziwa amene ankanena zoona.

M'nyumba mwa agogo mawu oti resitihausi sankatchulidwa. Nditakula, ndikapita ku Blantyre ndinkagona kwa achibale, pena patchalitchi, pena pabenchi kudepoti. Ndinali ndisanagonepo pabedi lolipira. Tsopano ndinkafunika kukagonekapo mwana wanga wamkazi, n'kumufunditsa, n'kuzimitsa getsi.

Loweruka lina ndinapita kumalire kukaona mnzanga woyendetsa thiraki, yemwe njira ya ku Beira amaidziwa bwino. Ndinamupeza akudya chimanga chootcha, akudikira mapepala a katundu. Ndinamufunsa ngati akudziwako banja lina loti lingatisunge.

"Amwene, kumeneko muli ndi azakhali?" anandifunsa. "Mulibe. Ndiye mukagona pa pensau, ndiyo resitihausi yawo kumeneko. Zabwino zilipo, za mabwana ngati inu. Koma yomwe timafikira ifeyo, musayerekeze kupitako ndi madamu. Akakusiyani komweko!"

Anaseka mpaka chimanga chinamutsamwa. Sankadziwa za mayi anga. Ndinaseka pang'ono n'kutsanzika. Pobwerera ndinadutsa pakhomo pa resitihausi ina, ndipo mtsikana wina ankayanika mashiti pachingwe, mwana ali kumbuyo. Ndinayang'ana kumbali.

Tchuthi chinkayandikira. Mwana wathu wamkazi anali atalongedza kale kandowa kake kofuna kukatungira mchenga, ndipo m'mawa uliwonse ankafunsa ngati tsikulo lafika. Mkazi wanga anasiya kundionetsa zithunzi.

"Ngati simukufuna tipite, nenani," anatero tsiku lina akusita malaya anga, osandiyang'ana. "Koma anawa mudzawauze nokha. Ine sindingathe."

Ankadziwa kuti ndine mwana wamasiye, koma za ntchito ya mayi ndinali nditangomuuza kuti ankagwira kumalire, basi.

Sabata yomweyo agogo anabwera kuchokera ku Thambani kudzatenga mankhwala awo kuchipatala. Anafika kunyumba masana ndi thumba la manachesi, n'kukhala pakhonde kumasendera ana. Mwana wamkazi uja anawakwera pamwendo.

"Agogo, ife tikupita kunyanja! Tikagona ku resitihausi!"

Manja a agogo anaima. Kenako anapitiriza kusenda, khungu la nachesi likugwera pachitenje. Anamupatsa mwanayo kagawo, n'kumuuza kuti akagawane ndi mlongo wake kuseri. Mkazi wanga anali kukhitchini.

"Akuti ulendowu ukuukoka ndi iwe," anatero agogo.

"Malo ake sindinawapeze, agogo."

"Usandinamize ine. Ndinakulera ndine."

Ndinayang'ana pansi, monga ndinkachitira ndili mwana.

"Mayi ako manja ake anali osweka ndi sopo," anatero. "Zimenezo ndinaziona ndi maso angawa. Zinazo sindinazione. Sindinamufunse, ndipo iye sanandiuze."

Aka kanali koyamba kuti agogo avomereze kuti panali zina. Ndinkayembekeza kuti apitiriza, koma anatola makungu aja n'kudzuka, akuti akufuna adutse kumsika pikapu ya ku Thambani isanadzaze. Ndinati ndiwaperekeze, anakana.

Ndinakhalabe pakhondepo, ndikumva ana akukanganirana nachesi kuseri. Ndinkafuna ndikanafunsa zambiri, komanso ndinkafuna ndikanapanda kumva n'zomwezo.

Patapita nthawi ndinaona agogo akubwereranso, akuyenda pang'onopang'ono chifukwa mwendo unkawavuta. Sanalowe m'nyumba. Anaima pageti n'kundikodola, kenako anatulutsa m'chikwama zitenje ziwiri zatsopano, zikadali zouma gwa ndi sitachi.

"Ukayale izi pamwamba pa mashiti awowo," anatero. "Ana akagone pa zathu. Uwauze mayi awo asankhe malo lero, mwanayu asamangogona ndi ndowa."

Anandiika zitenjezo m'manja, n'kutembenuka kulunjika kokwerera pikapu.