Diso Lamanzere la Alamu Anga a Marlys

Alamu anga a Marlys Zastrow agwira ntchito pafakitale ya tchizi kuyambira ali mtsikana mpaka imvi mbuu. Sabata imene anapuma ntchito anandiimbira foni ndisanasukusule n'komwe.

"Joleen, vala nsapato. Tikukagula uta."

"Uta wa ndani, alamu?"

"Wanga! Ukuyesa wa mphaka?"

Ndinaseka mpaka khofi kunditsamwa. Kubanja ndinakwatiwa kuno kusaka agwape ndi chipembedzo chachiwiri, koma gawo la a Marlys ndi mphika. Chaka chilichonse amuna akalowa m'nkhalango, iwo amatsala pamsasa kuphika nyemba za tsabola ndi nyama yogaya. Chiyambi chake aliyense amachidziwa. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, bambo awo a Elroy anawapatsa mfuti kuti awombere chitini pampanda. Mwanayo ankangopendeketsa mutu pamwamba pa mfuti ngati nkhuku yoyang'ana kabawi, zipolopolo zonse n'kuthera kutchire. A Elroy analanda mfutiyo nati, "Uyu ndi wamantha, akuthawa kulira kwa mfuti. Kathandize amako." Mawu amenewo anakanirira. Ngakhale mwamuna wanga Verlyn, mlongo wawo wamng'ono, munthu woti akhoza kuphonya khola la ng'ombe ataima pakhomo pake, amawabwereza akakhuta.

Tili m'galimoto a Marlys anatsitsa wailesi. "Abambo akutha, Joleen. Chaka chino miyendo yakana, kampando kawo kosakira ka mumtengo kaja sakweranso, ndipo mwamuna wakoyo wayamba kale kukamezera mate. Ine sindikufuna apite akuganizabe kuti ndine wamantha. Uta sulira, ndiye tione chimene anene." Atatero anakwezanso wailesi n'kuyamba kuimba nyimbo ya gule wa polika mosokoneza mpaka kukafika.

Sitolo ya a Duane Kopecky ili kuseri kwa malo omwetsera mafuta, ndipo khoma lonse ndi mauta amakono aja, a timawilo kunsonga. A Marlys anathamangira waukulu kuposa onse, wakuda bii.

"Uwu. Ukuoneka waukali."

"Mayi, umenewo ngakhale ine umandithyola msana," anatero a Duane. "Uta sitisankha ngati chipewa cha kutchalitchi. Tambasulani manja."

Anawayeza kuchokera chala mpaka chala, alamu anga ali chiimire ngati choopsezera mbalame m'munda, akugigitika. Kenako anawapatsa uta wofewerako, nawachenjeza kuti asayerekeze kutaya chingwe popanda muvi, chifukwa uta umasweka pomwepo. A Marlys anakoka ndi dzanja lamanja, nkhope kufiira, mano gwa. Timawilo titatembenuka, kulemera konse kunangozimiririka.

"Iii! Wapepuka! Joleen, wapepuka wokha! Ndathyola kodi?"

"Simunathyole, ndiye ntchito ya timawiloto. Chalirani."

Apo ndi pamene ndinauona mutu uja ukupendekera, ukuwoloka chingwe. Muvi woyamba unakalasa khoma, kutali ndi chandamale. Wachiwiri unatsatira mnzake, chingwe n'kuwakwapula pamkono mpaka kutupa. Kuseka konse kunatha. Anaika uta pansi pang'onopang'ono nati, "Basi. Abambo sananame." Zinandipweteka, ndipo ndinalakalaka tikanangopita kukagula nsalu.

A Duane sanayang'ane khoma lawo lobooka. "Mutuwo mumaupendeketsa choncho nthawi zonse?"

"Kuyambira ndili mwana. Akuti ndi mantha."

"Tatambasulani manja kutsogolo, muwaphatikize, musiye kabowo pakati. Yang'anani mphuno ya gwape ali pakhomayo, maso onse ali chitsegukire. Tsopano bweretsani manjawo kunkhope, mphunoyo isakusoweni."

Manja anabwera okha, n'kukaima padiso lamanzere. Anabwereza, chimodzimodzi.

"Palibe za mantha apa," anatero a Duane. "Dzanja lanu ndi lamanja, koma diso lolamula ndi lamanzere. Mutuwo umangoperekeza diso kuti lione. Inu mukufunika uta wa amanzere."

A Marlys anangoti kukamwa yasa. Kenako anandigwira phewa n'kundigwedeza ngati mtengo wa maapozi. "Wamva, Joleen? Diso! Zaka zonsezi ndakhala ndikusenda anyezi chifukwa cha diso!"

Uta wa amanzere unalipo umodzi wokha, utapachikidwa pakona mpaka fumbi, wobiriwira ngati sopo wochapira. Ine ndinati ndi wonyansa. Iwo anati sanaonepo chinthu chokongola chotero. Dzanja lamanzere linali lopanda mphamvu, moti a Duane anamasula tizitsulo kuti uta ufewe. Muvi woyamba unalowa m'mphepete mwa chandamale, wachiwiri n'kuyandikira pakati. Kukuwa kwake, mnyamata womwetsa mafuta panja anathamangira kudzaona amene wavulala. Anapeza alamu anga akuvina polika ndi a Duane, uta uli m'khwapa.

A Marlys ankafuna kupita kwa bambo awo nthawi yomweyo, koma a Duane anawapempha kuti ayambe aphunzira. Chilimwe chonse analasa mitolo ya udzu kuseri kwa nyumba, mphaka wawo mpaka kusamukira kwathu.

Lamlungu lina masamba atayamba kufiira, titaweruka kutchalitchi, tinapita kwa a Elroy. A Elroy anali pakhonde, bulangete pamaondo, Verlyn ali pambali akudya keke ya zipatso ija amati payi. A Marlys anaika chitini pampanda womwe uja.

"Achemwali, ndichotse kaye galimoto?" anafunsa Verlyn.

"Chotsa pakamwa pakopo."

Muvi woyamba unalasa mtengo wa mpanda, pansi pa chitini penipeni. Wachiwiri unalira kuti khwe, chitini n'kuuluka. Ine ndinalumpha mpaka nsapato kuvuka.

A Elroy sanaombe m'manja. "Bwanji ukukoka ndi dzanja lamanzere?"

A Marlys anagwada pafupi ndi mpando, naphatikiza manja, n'kuwaonetsa mmene amabwerera okha kudiso lamanzere. Mkuluyo anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye tsiku lija sunkathawa mfuti?"

"Ayi, abambo. Ndinkafuna kuona chitini."

A Elroy anatulutsa mpango m'thumba n'kuyamba kumina, kumina kosatha, pomwe chimfine analibe. Atamaliza anagwira dzanja la mwana wawo, osalisiya.

"Verlyn."

"Bambo?"

"Kampando kanga ka mumtengo akhalepo ndi Marlys chaka chino. Iwe ufunse mkazi wako mmene amaphikira nyemba."